Dipuloma ili m'manja, nanga ku yunivesite akuwerengera zaka zingati?

Envelopu ya khaki ija inali itafewa ndi thukuta. Msuweni wanga anaitulutsa m'chikwama tili pa depoti ya Wenela mumzinda wa Blantyre, n'kuyamba kundionetsa zimene zinali m'katimo: satifiketi ya MSCE, dipuloma ya zamalonda, kalata ya abwana ake, risiti ya ku banki ndi zithunzi ziwiri. Munalibe pepala limodzi lokha, ndipo ndi lomwelo linamugwetsa chaka chimenecho. Koleji imene anaphunzirako, imodzi mwa zija zili pamwamba pa mashopu m'tauni, inali isanamupatse transcript, pepala losonyeza phunziro lililonse limene munthu anatenga ndi malikisi ake. Anapitako katatu. Ulendo woyamba anati bwana atulukapo. Wachiwiri anati kompyuta yavuta. Wachitatu anamuuza kuti m'mabuku mukuoneka ngongole ya fizi ya teremu yomaliza, pomwe iye akuti analipira koma risiti inasowa posamuka nyumba. Tsiku lotsekera mafomu linafika, linadutsa.

Anthu onga iye ndi ambiri, kungoti sitiwamva. Mayina a ophunzira osankhidwa kupita ku mayunivesite a boma akatuluka, dziko lonse limakamba za ana a Fomu 4 ndi mapoyinti awo. Koma pali khamu lina limene limalowera khomo la kumbali: aphunzitsi a dipuloma ochokera ku Domasi, alangizi a zaulimi amene anadzera ku Natural Resources College, anamwino a m'makoleji a CHAM monga Nkhoma, Ekwendeni ndi Malamulo, madokotala aang'ono a ku Malawi College of Health Sciences, amisiri a ku Soche, Nasawa ndi Namitete. Pakampasi amangowatchula kuti “ma mature”. Ambiri ali pabanja, ena ana awo ali ku sekondale. Chowatuma n'chodziwika. M'boma wa digiri amayambira pa giredi I, ija timati PO, pomwe wa dipuloma amayambira pansi pake, ndipo akhoza kukalamba akuphunzitsa ntchito anyamata amene mawa lake amakhala mabwana ake.

Khomo la ana a Fomu 4 ndi limodzi. Bungwe la National Council for Higher Education (NCHE), limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, ndilo limayendetsa kasankhidwe kawo, ndipo mwana amalemba fomu imodzi n'kusankhapo maphunziro a m'mayunivesite osiyanasiyana. Wa dipuloma alibe mwayi umenewo. Yunivesite iliyonse imalengeza payokha, pa nthawi yakeyake, ndi fomu yakeyake ndiponso ndalama yakeyake yolembetsera imene sibwezedwa. Kuyambira pa 4 May 2021, pamene University of Malawi inagawidwa patatu, Chancellor College n'kutsala ndi dzinalo, Polytechnic n'kukhala MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing n'kukhala KUHeS, makomo ogogodapo anachuluka. Onjezanipo LUANAR, Mzuni ndi MUST, ndiye kuti wofuna kuyesa ponseponse ajambulitsa mapepala mpaka m'thumba mupepuke.

Zofunika zake kawirikawiri sizisiyana kwambiri: MSCE yokhala ndi makirediti okwanira kuphatikizapo Chingerezi, dipuloma yogwirizana ndi digiri imene ukufuna, ndipo nthawi zambiri umboni woti wagwirapo ntchito zaka ziwiri chilandirireni dipulomayo. Makope a mapepala amafunika adindidwe ndi wovomerezeka mwalamulo, loya kapena ku ofesi ya DC. Zonsezi munthu wakhama amatha sabata imodzi. Pamene pagona nkhani ndi pa mawu amene amapezeka m'chilengezo chilichonse, onena kuti sukulu imene unachokera ikhale yovomerezeka.

Apa m'pamene ambiri amadzidzimukira mochedwa. Kulembetsa sukulu ku NCHE ndi chinthu china, kuvomerezedwa kwa maphunziro ake ndi chinanso. Koleji ikhoza kukhala m'kaundula, chikwangwani chake chowala bwino, koma dipuloma imene iwe unatenga isali pa mndandanda wa maphunziro ovomerezeka. NCHE imatulutsa mndandandawo poyera, ndipo kuuona sikulira ngakhale tambala kupatula bandulo ya intaneti. Koma ndani amauona asanalipire fizi? Makolo amafunsa mtengo, mwana amafunsa ngati pali hositelo. Funso loti pepalali lidzandifikitsa kuti limabwera patatha zaka ziwiri kapena zitatu, mbuzi zitagulitsidwa kale.

Ndiye tinene kuti wadutsa pamenepo, dzina latuluka. Funso lotsatira ndi limene lili pamutu pa nkhaniyi. Digiri yambiri kuno ndi ya zaka zinayi. Wina wa dipuloma amauzidwa kuyambira chaka chachitatu, wina chachiwiri, wina amabwezedwa koyambirira kukakhala ndi ana amene angochoka kumene ku sekondale. Amene amagamula ndi aphunzitsi a dipatimenti, ndipo chimene amayang'ana si dipuloma yokongola ija yokhala ndi chidindo chofiira ayi. Amayang'ana transcript. Amafuna kudziwa kuti masamu amene unaphunzira anafika pati, unakhala maola angati m'kalasi, unayesedwa motani. Akaona kuti zimene unaphunzira sizikulingana ndi zawo, amakubweza mmbuyo, ndipo sitingawadzudzule kwenikweni, pakuti wolumpha maziko amakagwa chaka chomaliza. Chodandaulitsa n'chakuti wophunzirayo amadziwa zimenezi kumapeto, kalata yomuitana itafika. Chaka chimodzi chobwereza ndi fizi ya chaka chathunthu, lendi ya ku Chikanda kapena ku Chitawira, ndi chaka china banja likudya theka la malipiro.

Kumene koleji ndi yunivesite zili pa denga limodzi zinthu zimapepukirako. Natural Resources College tsopano ndi kampasi ya LUANAR pamodzi ndi Bunda, choncho amene akuwerenga transcript ya wophunzira wa ku NRC akudziwa bwino chimene chinaphunzitsidwa ndi amene anaphunzitsa. Wochokera ku koleji yapayokha alibe womudziwa. Pepala lake liyenera kudzilankhulira lokha.

Vutoli si la lero, ndipo silisankha munthu. Hastings Kamuzu Banda anayamba maphunziro ake a ukachenjede ku Indiana University, kenaka n'kusamukira ku University of Chicago kumene anamaliza mu 1931. Udokotala anautenga ku Meharry Medical College mu 1937. Koma pepala la ku America silinkamulola kugwira ntchito m'maiko olamulidwa ndi Britain, kotero anawoloka nyanja kukakhalanso pa desiki ku Edinburgh mpaka 1941. Munthu anali dokotala kale, koma anamuuza kuti pepala lako kuno siliyenda. Barack Obama naye anayambira ku Occidental College mumzinda wa Los Angeles, n'kusamukira ku Columbia University mu 1981. Iye sizinamuvute chotero, chifukwa kwawoko kusamuka ndi njira yopondeka kale.

Ku America komweko, chigawo cha California ndicho chinaikonza bwino njirayi. Mu 1960 anagwirizana dongosolo logawa ntchito pakati pa makoleji a m'madera, makoleji amene lero ndi California State University, ndi University of California, ndipo kusamuka kuchoka ku koleji kupita ku yunivesite kunali mbali ya dongosololo kuyambira pachiyambi. Lero wophunzira amatha zaka ziwiri pa koleji yotsika mtengo pafupi ndi kwawo, n'kukalowa chaka chachitatu ku yunivesite. Pali tsamba la pa intaneti lotchedwa ASSIST pamene amaona, asanalembetse n'komwe phunziro, ngati phunzirolo lidzawerengedwa ku yunivesite imene akuilakalaka. Lamulo la mu 2010 linawonjezera kuti womaliza digiri yaing'ono yokonzedwera kusamuka apatsidwe malo ku California State University. Makampasi asanu ndi limodzi a University of California, monga Davis, Irvine ndi Santa Barbara, amachita kulonjeza malo kwa wokwaniritsa zofunika, ngakhale Berkeley ndi UCLA salonjeza. Ndalama zawo ife tilibe, zoona. Koma chimene chimathandiza wophunzira kumeneko si nyumba zosanja. Ndi mndandanda chabe, wolembedwa poyera, wonena kuti phunziro ili la uku likufanana ndi ili la uko. Mayunivesite athu asanu ndi limodzi atafuna, angalephere kulemba mndandanda wotere wa madipuloma a Domasi, Nalikule, Malawi College of Accountancy ndi makoleji a anamwino? Ine ndikuona kuti sangalephere.

Za ndalama tingodutsapo, poti aliyense akuzidziwa. Wa mature amalipira fizi yokwera kuposa mnzake wochokera ku sekondale, ngakhale akhala m'kalasi imodzi. Bungwe lobwereketsa ndalama kwa ophunzira, limene linayamba mu 2015, lakhala likuthandiza makamaka ochokera ku sekondale, ndiye wa dipuloma asaikepo mtima. Ambiri amathamangira ku SACCO kapena kubanki, ena kwa akatapila. Wapantchito ali ndi phiri linanso, lopempha tchuthi cha maphunziro, ndipo wongonyamuka osatsanzika amakapeza dzina lafufutidwa pa malipiro. N'chifukwa chake maphunziro a ODeL ndi a kumapeto kwa sabata akukoka anthu. Munthu amaphunzitsa Lolemba mpaka Lachisanu, Loweruka n'kukhala mwana wasukulu.

Pali chinanso chimene fomu sinena. Bambo wa zaka 38 amene kuntchito amamudzukira pampando amakapezeka ali pagulu limodzi ndi ana obadwa iye atayamba kale ntchito. Amamutchula kuti “madala” kapena “ankolo”, n'kumusankha kukhala wapampando wa gulu poti ndiye ali ndi ya fotokope. Anawo amamuposa pa kompyuta, iye amawaposa pa kudziwa mmene ntchito imakhalira kunja kuno, ndipo magulu amene amakhoza bwino ndi amene azindikira msanga kuti akufunana.

Msuweni wanga uja anabweza ngongole imene sankaivomereza, chifukwa kukangana kukanamudyera chaka china. Transcript anaitenga mwezi wa February, mafomu asanatuluke n'komwe, najambulitsa makope asanu. Anapitanso yekha ku dipatimenti kukafunsa, asanalipire ya fomu, kuti dipuloma yonga yakeyo amailowetsa chaka chiti. Anamuuza kuti chachiwiri, osati chachitatu monga ankaganizira. Anawerengera ndalama zake, nalemba fomu akudziwa chimene akulowa.

Inu amene mwana wanu mayina amudutsa chaka chino ndipo mukuganiza zomulembetsa dipuloma kuti adzakwere nayo, musanapereke fizi yoyamba funsani akuluakulu a kolejiyo kuti ndi yunivesite iti imene inatengapo ophunzira awo, ndipo anakayambira chaka chiti. Akayamba kuzungulira, nyamulani ndalama zanu.