Mfuti Yotani Pokonzekera Ngozi? Zimene Anthu a kwa Nsabwe Ayenera Kudziwa

Chaka chilichonse chimanga chikayamba kukhwima m'mapiri a kwa Nsabwe, nkhani ya mfuti imabwereranso pakamwa pa alimi. Apusi ndi anyani amalowa m'munda dzuwa lisanatuluke, nguluwe zimafukula chinangwa usiku, ndipo amene amawedza kumunsi kwa mtsinje wa Ruo amadziwa kuti ng'ona siipereka chenjezo. Chidutsireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pamene misewu inaduka ndipo midzi yambiri ya m'chigawo cha kummwera inakhala masiku thandizo lisanafike, pabukanso ganizo lakuti banja lokonzekera bwino tsoka liyenera kukhala ndi mfuti. Ganizoli limakolezedwa ndi makanema a ku America oyenda pa mafoni, momwe amuna amatsutsana za kukula kwa chipolopolo choyenera kusunga zinthu zikasokonekera m'dziko. Funso lawolo lili ndi yankho, koma yankho loyenera m'zipululu za ku Montana silingagwire ntchito ku Thekerani.

Manambala olembedwa pa mfuti

Manambala monga .22, .303 kapena .375 amanena za kukula kwa bowo la mpope wa mfuti, poyeza ndi inchi. Muyezo umenewu pa Chingerezi umatchedwa caliber. Mfuti ya .22 ili ndi bowo la mamilimita pafupifupi 5.6, ya .303 mamilimita 7.7, ya .375 mamilimita 9.5, pomwe ya .458 imafika 11.6. Zonsezi ndi za mtundu wa rifle: m'kati mwa mpope wake muli timizere tozungulira tomwe timachititsa chipolopolo kupota pamene chikutuluka, ndipo kupotako ndi komwe kumachiwongola kuti chipite kutali osakhota.

Nambala payokha siinena mphamvu. Chipolopolo cha .22 wamba ndi cha 5.56, chomwe asilikali a maiko ambiri amagwiritsa ntchito, n'zofanana kukula kwake, koma chachiwirichi chili ndi wonga wochuluka kumbuyo kwake moti chimamenya ndi mphamvu yoposa inzakeyo pafupifupi kakhumi. Chofunika kuona ndi kulemera kwa chipolopolo pamodzi ndi liwiro lake. Cha .22 chimalemera magalamu osakwana 3. Cha .303 chimapitirira pang'ono magalamu 11 ndipo chimatuluka pa liwiro la mamita oposa 700 pa sekondi imodzi. Cha .375 chimafika magalamu 19, cha .458 magalamu 32.

Chilichonse mwa izi chinapangidwira ntchito yake. Cha .22 ndi cha nyama zing'onozing'ono monga kalulu ndi mbalame. Cha .303 ndi cha nkhondo: dziko la Britain linayamba kuchigwiritsa ntchito chakumapeto kwa zaka za m'ma 1880, ndipo ndi chomwe asilikali a ku Nyasaland a gulu la King's African Rifles ankaika mu mfuti zawo za Lee-Enfield ku Ethiopia ndi ku Burma pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. N'chifukwa chake akuluakulu ambiri akamva za mfuti, dzina lomwe limawafikira msanga ndi limeneli. Cha .375 chinapangidwa ndi kampani ya Holland & Holland ya ku London mu 1912, ndipo cha .458 chinatuluka ku kampani ya Winchester mu 1956. Ziwiri zomalizazi ndi za njati, mvuu ndi njovu. Zimakankha phewa mwamphamvu moti munthu wosazolowera amayamba kutsinzina asanawombe n'komwe, ndipo wotsinzina amaphonya.

Chifefe ndi mfuti ya mtundu wina. Mpope wake ndi wosalala m'kati, ndipo kawirikawiri chimatulutsa timipira tambiri ta mtovu tomwe timamwazika tikamapita. Nambala 12 yolembedwa pa zifefe zambiri inachokera ku kawerengedwe kakale: mipira 12 ya mtovu yokwana ndendende m'bowo lake imalemera paundi imodzi. Bowolo ndi la mamilimita pafupifupi 18, lalikulu kuposa la mfuti ya njovu, komabe chifefe chimagwira bwino ntchito pa mtunda wa mamita 30 kapena 40 okha.

Chimene chili kuseri kwa nyama

Alenje a m'maiko a zipululu amayamba ndi funso lakuti nyamayo ndi yotani. Ku Thyolo funso loyamba liyenera kukhala lakuti kuseri kwa nyamayo kuli yani. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 720,000 m'boma lino, kutanthauza anthu oposa 400 pa sikweya kilomita iliyonse. Chiwerengerochi chikuphatikiza malo aakulu a maesiteti a tiyi ndi nkhalango momwe simukhala anthu ambiri, choncho m'midzi mwenimwenimo anthu ndi othithikana kuposa pamenepa.

Chipolopolo chikaphonya sichigwera pomwepo. Cha .22, chomwe ambiri amachiyesa choseweretsa ana, chingathe kuuluka mtunda woposa kilomita imodzi ndi theka. Cha .303 chimayenda makilomita pafupifupi 3. Munthu ataima pamunda uliwonse kwa Nsabwe n'kulingalira bwalo la makilomita 3 mbali zonse, m'bwalomo mupezeka sukulu, mjigo, tchalitchi, njira ya kumsika ndi amayi opalira m'minda ya kutsidya. Mapiri amawonjezera vutoli. Nyani akakhala pa thanthwe kapena mu mtengo, wowombera amaloza m'mwamba, ndipo chipolopolo chimadumpha chitunda n'kukagwera kumene iye sakuonako. Chikagunda mwala chimanjanja n'kulowera kwina. Pa madzi chimatha kudumpha ngati mwala wafulati woponyedwa pa dziwe. Pa Ruo pali chinanso: tsidya linalo ndi dziko la Mozambique.

Timipira ting'onoting'ono ta chifefe timatha mphamvu msanga ndipo timagwa pansi pa mtunda wa mamita 200 kapena 300. Pa chifukwa chimenechi, ngati pali mfuti imene ingaganiziridwe poteteza mbewu m'dera lothithikana chonchi, ndi chifefe, ndipo ngakhale icho chimapha munthu amene ali pafupi. Rifle ya mphamvu ngati .303 ilibe ntchito m'minda ya nthochi ndi nandolo yomwe nyumba zili m'mphepete mwake. Za .375 ndi .458 n'zosafunika kuzitchula: njovu zapafupi zili m'kati mwa mpanda wa nkhalango ya Majete ku Chikwawa, yomwe bungwe la African Parks lakhala likuyang'anira kuyambira mu 2003.

Ng'ona imaoneka ngati chifukwa chomveka chofunira mfuti yaikulu, koma ubongo wake ndi waung'ono ndipo imangoonetsa maso ndi mphuno pamwamba pa madzi. Woiwombera osadziwa amangoivulaza, n'kuisiya m'madzi omwewo amene ana amatungamo. Imeneyi ndi ntchito ya alenje a Nthambi yoona za Nyama Zakutchire, omwe anaphunzitsidwa ndipo ali ndi zida zake. Njira yowafikira ndi kudzera kwa mfumu, ku polisi kapena ku ofesi ya Bwanamkubwa.

Zimene malamulo amanena

Ku America kukhala ndi mfuti ndi ufulu wolembedwa m'malamulo aakulu a dzikolo. Ku Malawi ndi chilolezo chomwe boma lingapereke kapena kukana. Lamulo la mfuti la 1967, lotchedwa Firearms Act, limafuna kuti munthu apeze kaye chilolezo asanagule kapena kulandira mfuti, ndiponso akhale ndi laisensi yomwe imakonzedwanso chaka ndi chaka. Zonsezi zimayendetsedwa ndi apolisi. Zipolopolo nazo zili pansi pa lamulo lomweli, moti kusunga ngakhale zochepa popanda chilolezo ndi mlandu. Laisensi ndi ya munthu amene dzina lake lalembedwapo. Mwini mfuti akamwalira, mfutiyo siigawidwa ngati njinga kapena wailesi. Achibale ayenera kukaipereka ku polisi kufikira nkhani ya chilolezo italongosoka.

Mfuti zankhondo monga AK-47 siziloledwa kwa munthu wamba. Zambiri zinalowa m'dziko muno kudzera m'malire pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, yomwe inatha mu 1992, ndipo zinathandiza kukulitsa umbava wa mfuti m'zaka zotsatira. Gogodera wosulidwa kumudzi nayenso ndi mfuti pamaso pa lamulo. Kuopsa kwake n'kwakuti mpope wake nthawi zambiri ndi paipi wamba yemwe sanayesedwe mphamvu, ndipo wonga amangouyerekeza ndi maso, choncho akaphulika amayamba ndi dzanja ndi nkhope ya mwini wake.

Laisensi ya mfuti si chilolezo chopha nyama iliyonse. Lamulo la nyama zakutchire la 1992, lomwe linakhwimitsidwa mu 2017, limalola munthu kupha nyama yotetezedwa podziteteza pokhapokha ngati palibiretu njira ina pa nthawiyo, ndipo ayenera kukanena msanga kwa akuluakulu oona za nyama kapena ku polisi. Pa nyama monga njovu, chipembere ndi ngaka, chilango chimatha kufika zaka 30 m'ndende.

Palinso zina zomwe lamulo silingamuchitire mwini mfuti. Chinyezi cha ku Thyolo, makamaka m'miyezi ya chiperoni, chimadyetsa dzimbiri chitsulo chosapakidwa mafuta. Mfuti imafuna posungira pokhoma, zipolopolo pena, kutali ndi ana ndi munthu amene waledzera kapena wapsa mtima. Ndipo mudzi ukadziwa kuti pakhomo pakutipakuti pali mfuti, akuba nawonso amadziwa. Nyumba imene inalibe chowakopa imakhala nacho.

Ngozi zimene zimafikadi kuno

Masoka amene agwera chigawo cha kummwera m'zaka zapitazi ndi odziwika: namondwe wa Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, Freddy mu 2023. Freddy yekha anapha anthu oposa 1,000 ndi kusamutsa oposa 600,000. Kolera wa 2022 mpaka 2023 anatenga miyoyo yoposa 1,700 m'dziko muno. Anthu amenewa anafa ndi madzi osefukira, matope otsika m'mapiri, makoma ogwa ndi madzi akumwa oipa. Palibe kukula kwa chipolopolo komwe kukanasintha chiwerengerochi. Ganizo lakuti banja lidzadya nyama yakutchire chakudya chikadzasowa nalonso silipita patali m'dera lomwe tchire lambiri linasanduka minda.

Ngakhale galu wachiwewe, yemwe ndiye chilombo chimene mwana wa kuno angakumane nacho panjira ya kusukulu, sagonjetsedwa ndi mfuti. Akatswiri a zaumoyo amati agalu 70 mwa 100 alionse akalandira katemera, chiwewe chimaleka kufala m'dera. Wolumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako apite kuchipatala tsiku lomwelo osadikira kuona ngati galuyo adwale. Za apusi ndi anyani, njira imene yathandiza kuyambira kale ndi kulondera mosinthana, agalu otemeredwa, ndi kugwirizana kuti minda yoyandikana ibzalidwe ndi kukololedwa nthawi imodzi, kuti munda wa munthu mmodzi usatsale wokha ngati nkhokwe ya anyani onse.

Lamulo loyamba loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi linabwera mu 1991 napolo atasesa ku Phalombe, ndipo linalowedwa m'malo ndi latsopano mu 2023. Dongosolo lake limayambira ku nthambi ya DoDMA, kutsikira ku khonsolo, mpaka ku makomiti a m'dera ndi a m'mudzi. Makomiti amenewa ndiwo amadziwa nyumba zomwe zili m'munsi mwa phiri logumuka, agogo ndi olumala ofunika kunyamulidwa, ndi sukulu kapena tchalitchi chothawirako. Banja lililonse likhale ndi wailesi ya mabatire yomvera machenjezo a Nthambi ya Zanyengo, tochi, wisulo yoitanira anthu usiku, klorini wothira m'madzi akumwa, ufa ndi nyemba za masiku angapo, ndi chingwe cholimba. Ziphaso za unzika, mabuku a kuchipatala ndi mankhwala omwa tsiku ndi tsiku, monga ma ARV ndi a BP, zikhale m'jumbo yomanga bwino yopachikidwa pafupi ndi chitseko, ndipo aliyense m'nyumbamo adziwe pamene ili mvula ya Disembala isanayambe.