Dzalanyama Ikutha: Zimene Midzi ya Kumadzulo kwa Lilongwe Yataya

Munthu wochoka mumzinda wa Lilongwe kulowera ku Mchinji, akadutsa pa Chitedze n'kuyandikira Msundwe, amaona mtandadza wa mapiri chakumanzere kwake. Imeneyo ndiyo Dzalanyama. Poiyang'ana uli pamsewu imaoneka ngati ikadali yodzaza ndi mitengo. Wofika m'munsi mwake amapeza zina: zitsa, tinjira ta njinga tolowera mbali zonse, ndi mabala akuda pansi pomwe panali mauvuni a makala.

Boma la atsamunda linaika nkhalangoyi m'gulu la nkhalango zotetezedwa mu 1922. Kukula kwake ndi mahekitala pafupifupi 99,000, ndipo inakhudza maboma atatu, Lilongwe, Dedza ndi Mchinji, kutsata malire a dziko lino ndi Mozambique. Mitsinje ya Lilongwe, Likuni ndi Diamphwe imachokera m'menemo. Mtsinje wa Namitete, umene umakathira mu Bua, nawonso umayambira m'mapiri omwewa. Kwa Achewa malowa ali ndi mbiri inanso, chifukwa kumeneko n'kumene kuli Kaphirintiwa, komwe makolo ankati anthu oyamba anatsikira, komanso kachisi wa ku Msinja komwe Makewana ankapempherera mvula.

Nkhani ya kutha kwa Dzalanyama imakambidwa kawirikawiri ndi anthu a mumzinda, ndipo iwo amaiyambira pa mpopi wouma. Sakulakwa. Koma amene anayamba kuluza ndi munthu wa kumudzi, ndipo chimene analuza sichilembedwa m'mabuku a boma chifukwa sichinkagulidwa ndi ndalama.

Kale chaka cha munthu wokhala kufupi ndi nkhalango chinkayenda ndi mitengo. Mu Sepitembala, mvula isanadonthe n'komwe, tsamba ndi mombo zinkaphuka masamba ofiira, ndipo mlimi ankadziwa kuti nthawi yososa yakwana. Kuyambira mu Okutobala masuku ankapsa, ana n'kumalawirira kukatola. Mvula ikakhazikika kunkabwera ngumbi, kenako bowa: utale pa chulu, manyame ndi ndelema pansi pa mitengo. Mphalabungu ndi matondo zinali ndi nyengo yake. Zambiri mwa izi zinkagwa m'miyezi imene nkhokwe imakhala itayamba kupepuka, kuyambira Disembala mpaka Febuluwale, chimanga chakale chitatha, chatsopano chisanache. Mayi amene wazula bowa wambiri ankamufutsa, n'kumumanga m'chikwatu cha masamba a msuku, ndiwo za m'chilimwe n'kukhala zapezeka. Pambuyo pa masika anthu ankamweta udzu wofolera, kusenda luzi ku mombo, kudula nsungwi zolukira nkhokwe ndi malichero. Alenje a uchi anali ndi miyezi yawo, asing'anga anali ndi mitengo yawo yodziwika.

Palibe chimodzi mwa zimenezi chimene chinkalemeretsa munthu. Ubwino wake unali woti nkhalango inkapereka pang'onopang'ono, mwezi ndi mwezi, chaka ndi chaka, kwa wamasiye ndi nkhalamba yomwe. Makala amapereka kamodzi, kwa munthu wamphamvu zogwetsa mtengo, ndipo akatero pamalopo pamatha zaka zambiri osaperekanso kanthu.

Pali mfundo ina imene okonda kudzala mitengo saiganizira. Bowa wa manyame ndi ndelema samera paliponse. Amakhala molumikizana ndi mizu ya mitengo yachilengedwe monga tsamba, mombo, mtondo ndi msuku. Mtengo umampatsa chakudya, iye amauthandiza kukoka madzi ndi mchere wa m'nthaka. Mukagwetsa mitengoyo bowayo amapita nayo limodzi, ndipo munda wa bulugama sungabweze zonse zimene zinali pamenepo. Matondo nawo amadya masamba a mitengo yomweyi. Choncho tikamva kuti chaka chino kwadzalidwa mbande zochuluka, m'pofunika kufunsa kuti ndi za mtengo wanji, komanso kuti zingati zidzaona mvula yachiwiri.

Kuti timvetse chifukwa chake aliyense lero akuloza ku Dzalanyama, tiyenera kuyang'ana kaye kuchigwa. Dera la Nsaru, Kabudula, Mpingu mpaka ku Nambuma ndi la nthaka yofiira, yachonde, ndipo linali ndi mitengo yake. Inayamba kutha kalekale. M'zaka za m'ma 1920 A.F. Barron wa ku esiteti ya Mbabzi analimbikitsa alimi a m'midzi kulima fodya wa chikopa, wofuna utsi wa nkhuni kuti aume, ndipo mu 1926 boma linakhazikitsa Native Tobacco Board yoyang'anira ulimiwu. Fodya wa bale atafala, zigafa zinafuna mapolo ndi mphanda chaka ndi chaka. Kuyambira mu 1968 chitukuko cha Lilongwe Land Development Programme, chothandizidwa ndi World Bank, chinalambula misewu, kukumba zitsime ndi kugawa minda m'chigwa chonsechi. Ulimi unakula, tchire linachepa. Chitukuko chomwecho n'chimene chinatsegula famu ya ng'ombe m'kati mwa Dzalanyama. Kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 1.6 miliyoni m'midzi ya boma la Lilongwe, osawerengera a mumzinda. Aliyense wa iwo amafuna munda, nkhuni ndi denga.

Zotsatira zake zimaoneka ndi maso. Mukamayenda kuchokera ku Nsaru kupita kwa Kabudula m'mwezi wa Okutobala, kulikonse ndi minda yoyera, mitengo ya mango apo ndi apo, ndi bulugama kuseri kwa nyumba. Mukaona kankhalango kowirira ka mitengo yachilengedwe, musafunse: ndi manda. Kumeneko nkhwangwa siloledwa popanda chilolezo cha mfumu, ndipo m'midzi ya Gule Wamkulu dambwe limakhala chakomweko. Chodabwitsa n'chakuti malo amenewa alibe mlonda wolipidwa, alibe mpanda, koma apulumuka pamene nkhalango yokhala ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo ikutha. Kusiyana kwake n'koti manda ali ndi eni ake odziwika, ndipo wolakwa amaweruzidwa ndi anthu amene adzamuike m'manda momwemo. Nkhalango ya boma, m'maganizo a ambiri, ilibe mwini.

Tsono pamwamba pa zonsezi panabwera mzinda. Likulu la dziko linasamukira ku Lilongwe mu 1975, ndipo pofika 2018 mzindawu unali ndi anthu pafupifupi 990,000. Pa nthawi yomweyo, mwa mabanja 100 alionse m'dziko muno, 11 okha ndi amene ankaunikira magetsi a ESCOM. Ngakhale amene ali nawo amasunga mbaula pakhonde, chifukwa magetsi amazimazima. Zinali choncho mu 2016 ndi 2017 madzi atachepa mu Shire, ndipo zinabwerezanso mu 2022 namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira. Gasi amafuna ndalama zambiri nthawi imodzi, pomwe makala amagulika m'kajumbo ka tsiku limodzi. Mayi wa ku Chinsapo kapena ku Mtandire sagula makala chifukwa chodana ndi mitengo. Amagula chifukwa ana ayenera kudya madzulo.

Kafukufuku amene Patrick Kambewa ndi anzake anatulutsa mu 2007 anapeza kuti mizinda inayi ya dziko lino inkagwiritsa ntchito matumba a makala opitirira 6 miliyoni pachaka, kuti pafupifupi magawo 60 pa 100 alionse ankachokera m'nkhalango zotetezedwa, ndipo anthu oposa 90,000 ankadalira malondawa. Anapezanso kuti gawo lina la mtengo wa thumba linkathera ku ziphuphu za m'njira. Kuyambira nthawi imeneyo mizinda yangokulirakulira. Kawotchedwe nako n'kowononga: uvuni wokwirira ndi dothi umatulutsa makala ochepa kwambiri poyerekeza ndi kulemera kwa mitengo imene yalowamo, yambiri imathera mu utsi ndi phulusa. Kuwonjezera apo, nyumba za mumzinda zimamangidwa ndi njerwa zootcha, ndipo uvuni wa njerwa umafuna zipika zikuluzikulu. Mu 2018 boma linaletsa njerwa zoterezi pa zomangamanga zake ndi zina zikuluzikulu, koma munthu womanga nyumba yake akuotchabe.

Boma linayesa mphamvu. Mu 2015 asilikali a Malawi Defence Force anatumizidwa ku Dzalanyama, ndipo Lilongwe Water Board inathandiza kulipira ntchitoyo. Kudula kunachepa m'malo amene asilikaliwo ankafika, koma kunamvekanso madandaulo a anthu omenyedwa, ndipo ootcha makala anangosunthira m'katikati mwa mapiri ndi kuyamba kuyenda usiku. Kuyambira 2016 bungwe la JICA la ku Japan linagwira ntchito ndi nthambi ya zankhalango kwa zaka zingapo, kulimbikitsa ulimi wa njuchi ndi kusamala mphukira. Mu 2020 lamulo la zankhalango la 1997 linakonzedwanso, zilango zinakwera. Zonsezi n'zofunika, koma zikugwira kumchira. Amene amagwidwa kawirikawiri ndi bambo wokankha njinga yosenza matumba atatu mumsewu wa Likuni, amene phindu lake pa ulendo wonse silikwanira thumba la feteleza. Mwini lole, amene amapereka ndalama kwa ootcha asanayambe n'komwe kudula, saonekaoneka m'khoti. Ndipo malinga ngati mbaula za mumzinda zikuyaka, njinga imodzi ikalandidwa ina imalowa m'malo.

Ku mbali ya madzi nkhani yake ndi yosavuta kuitsata. Madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, loyamba la m'ma 1960 ndi lachiwiri la kumapeto kwa m'ma 1980, amadalira mtsinje wa Lilongwe. Phiri likakhala ndi mitengo, mvula imalowa pansi n'kumatuluka pang'onopang'ono m'akasupe mpaka m'chilimwe. Likakhala lambee, madzi amathamanga tsiku lomwelo atanyamula dothi, dothilo n'kukakhazikika m'damu. Mu 2016, mvula itavuta, anthu a mumzinda ankalandira madzi mosinthana masiku. Khoma la damu loyamba linakwezedwa pambuyo pake kuti lizisunga madzi ambiri. Kumidzi vuto lomweli limafika mwa njira ina: madambo amene ankasunga chinyontho mpaka Okutobala akuuma msanga, ndipo mlimi wa dimba, amene tomato ndi kabichi wake amadyetsa misika ya mumzinda, akukumba chitsime chozama chaka chilichonse.

Za nyama palibe zambiri zoti tinene, chifukwa zatsala zochepa. Nkhalango imene kale munkayenda mphalapala ndi nyama zina zikuluzikulu, lero woyendamo akaona gwape, nguluwe, anyani kapena apusi ndiye kuti wayenda bwino. Misampha ya waya, agalu ndi moto wolusa wa alenje a mbewa zatha zambiri. Chimene chikukokabe alendo ndi mbalame. Okonda mbalame ochokera kunja amaidziwa Dzalanyama chifukwa cha mtundu wina wa gogomole wotchedwa Stierling's woodpecker, wopezeka m'chigawo chochepa cha Malawi, Tanzania ndi Mozambique basi. Mbalame yotere imafuna mitengo ikuluikulu yokhwima, yomweyo imene wootcha makala amayamba kusankha chifukwa makala ake amakhalitsa pa mbaula.

Pali nyumba yogona alendo m'nkhalangomo, ndipo masiku ano magulu a achinyamata a mumzinda amapitako Loweruka kukakwera mapiri. N'chinthu chabwino, munthu amene waona zitsa ndi maso ake saiwala msanga. Koma tisadzinamize kuti zokopa alendo zingapulumutse mahekitala 99,000. Msewu wake umavuta m'dzinja, alendo ndi ochepa, ndipo ndalama imene amasiya imafika kwa anthu owerengeka: wolondolera njira, wophika, mlonda. Mudzi wa kwa Kalolo kapena kwa Masumbankhunda umene uli kutali ndi nyumba ya alendoyo suonako kanthu. Amene akufuna kuti anthu a m'midziyi asiye nkhwangwa ayenera kuwerengera ndalama imene nkhwangwayo imabweretsa m'mwezi wa Januwale, n'kusonyeza kumene ina yofanana nayo ichokere.

Mwayi umene ulipo uli m'chibadwa cha mitengo yomweyi. Tsamba, mombo ndi msuku zikadulidwa sizifa. Chitsa chimaphukanso, ndipo popeza mizu yake ndi yakale, mphukira zimakula msanga kuposa mbande ya m'chubu. Zimangofuna zinthu zitatu: chitsa chisazulidwe, mbuzi ndi ng'ombe zisadye nsonga, ndipo moto wa mu Sepitembala ndi Okutobala usadutsepo. Moto wotentha msanga, udzu usanaumitsitse cha mu Meyi kapena Juni, suwononga kwambiri, ndipo a zankhalango akhala akuudziwa kuyambira kale. Ntchito imeneyi ndi yotsika mtengo kuposa mwambo wodzala mitengo umene timachita chaka chilichonse kuyambira mu Disembala, koma ilibe chithunzi chokongola cha nduna itagwira khasu, n'chifukwa chake mwina siikopa ndalama. Choopsa n'chakuti m'malo ena, mitengo ikuluikulu itatha, ootcha ayamba kukumba zitsa zomwe. Pamene chitsa chazulidwa, mwayi uja watha.

Amene ayenera kulipira ntchito yosamala mphukira ndi wodziwika: ndi ife a mumzinda, amene timamwa madzi a m'nkhalangoyi ndi kuphikira makala ake. Kandalama kochepa pa bilu ya madzi, kopita mwachindunji kwa midzi imene yateteza gawo lake ku moto ndi nkhwangwa, kangachite zambiri kuposa galimoto ya asilikali, bola kafike kumudziko osathera m'misonkhano ya ku hotela. M'malo mwake, maso a boma ali pa ntchito yokoka madzi kuchokera ku nyanja ku Salima, mtunda woposa makilomita 100, kuwakweza chitunda ndi mphamvu ya magetsi. Mapaipi amenewo akadzafika, mzinda udzakhala ndi pothawira, ndipo chifukwa chachikulu chimene chinachititsa kuti Lilongwe Water Board ilipire asilikali mu 2015 chidzachepa mphamvu. Anthu a ku Namitete, Msundwe ndi Malingunde sali pa mzere wa mapaipiwo. Madimba ndi zitsime zawo zidzadalirabe madzi otsika m'mapiri a Dzalanyama.