Mtima wa Wamalonda Ukhale Pansi

Pamene mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu May 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023, eni ake a timagolosale ndi maokala ambiri anasowa tulo. Munthu anali kugulitsa sopo ndi shuga mpaka kutha, koma pobwerera kokapikula anapeza kuti ndalama zake sizikwananso katundu yemweyo.

Nkhawa yotere imakula koposa pamene wamalonda sadziwa chimene ali nacho. Tsono mankhwala oyamba ndiwo kabuku. Alembemo madzulo alionse zolowa, zotuluka ndi maina a otenga pangongole, makamaka m'miyezi ya January ndi February pamene anthu ambiri amalonjeza kudzalipira akakolola. Poika mtengo asayang'ane umene anagulira dzulo, koma umene akagulire mawa.

Chachiwiri, mpamba usakhale thumba limodzi ndi ndalama za ndiwo. Mwini sitolo adzipatse malipiro ake pamwezi, ndipo za maliro ndi fizi zichoke pamenepo.

Chachitatu, apewe katapila, pakuti chiwongoladzanja chake chimadya phindu lisanaoneke. Kuli bwino kusunga pang'onopang'ono ku banki m'khonde kapena ku SACCO. Mabungwe a SACCO ali ndi likulu lao, MUSCCO, limene linakhazikitsidwa mu 1980.

Inu aphunzitsi ndi antchito a Boma, amene muzolowera mabuku ndi masamu, khalani pansi ndi wamalonda wa kwanuko, mumthandize kulemba tsamba loyamba. Sitolo yake ikatsekedwa, mchere mudzautsata kutali.