Mmisiri wa ku Dooko la King's Lynn ndi Zithunzi Zake za ku Tete

Kuseri kwa mapiri athu a ku Nzama, chakumadzulo, kuli dziko la Tete. Tamvani za mmisiri amene anajambula dzikolo ndi utoto wa madzi, kutatsala zaka 43 kuti mishoni yathu iyambe mu 1901.

Dzina lake Thomas Baines. Anabadwa chaka cha 1820 ku King's Lynn, mudzi wa dooko ku England, kumene mtsinje wa Great Ouse uthira m'nyanja. Pokhala mwana wa pagombe, maso ake anazolowera madzi, ngalawa ndi mitambo. Anayamba ndi kukongoletsa magaleta, ndipo mu 1842 anapita ku Cape Town.

Utoto wa madzi utere: ufa wa mitundumitundu ausakaniza ndi utomoni wa mtengo, nausungunula ndi madzi, naupaka papepala. Pofuna poyera, mmisiri angosiya pepala losapaka. Utotowo uuma msanga ndiponso upepuka, chifukwa chake uyenera munthu wa paulendo.

Mu 1858 Baines anakwera Zambezi pamodzi ndi David Livingstone, ali wojambula ndi wosunga katundu. Anajambula mudzi wa Tete, sitima yawo Ma Robert, ndi mathithi a Kebrabasa amene anatsekera sitimayo njira. Koma mu 1859 anamnenera kuti waba katundu wa ulendo. Iye anakana, Livingstone anamchotsa osazenga mlandu poyera. Baines anamwalira ku Durban mu 1875, ali mmphawi.

Tsono taonani chimene chinatsala. Mu 1974 Apwitikizi anatseka Zambezi ndi khoma la Cahora Bassa, ndipo madzi anamiza mathithi aja. Amene afuna kuona matanthwewo ndi maonekedwe ake akale, awaona pamapepala a munthu wochotsedwa ntchito uja. Zithunzi zake zambiri zisungidwa ku Royal Geographical Society mu London. Miyala yamira, pepala lakhala.

Nanga ife? M'nyumba zathu muli zithunzi za makolo, za ubatizo ndi za ukwati. Dzuwa lizifwifwitsa, chinyezi chiziwolesa, chiswe chizidya. Musazipachike poomba dzuwa kapena pa utsi. Zisungeni pouma, ndipo lembani kuseri kwake dzina, mudzi ndi chaka, kuti adzukulu adzadziwe nkhope za eni mbumba.