Mafuta oteteza khungu ku dzuwa m'chigwa cha Phalombe

Cheza cha dzuwa chili ndi mbali ina yosaoneka ndi maso, yotchedwa UV. Mtundu wa UVB umawaula khungu pamwamba, pomwe UVA imalowerera mkati, ndipo yonse iwiri imawononga maselo mpaka kuyambitsa khansa. Khungu lakuda limadziteteza ndi melanin, koma anthu achialubino ali nayo yochepa zedi, ena alibiretu. Kalembera wa 2018 anapeza anthu otere 134,636 m'Malawi muno. M'chigwa cha Phalombe, pakati pa phiri la Mulanje ndi nyanja ya Chilwa, ntchito zambiri n'za pamtetete: kupalira chimanga, kukolola nandolo, kusodza. Mlimi wachialubino sangadikire dzuwa kupendeka kuti agwire khasu.

Mafuta oteteza khungu amapangidwa ndi magulu awiri a mankhwala. Loyamba ndi ufa wochokera ku miyala, zinc oxide ndi titanium dioxide, umene umamwa cheza chambiri n'kubweza china. Kale ufawu unkasiya khungu lili mbuu ngati lapakidwa phulusa. Lero umaperedwa mosalala kwambiri moti suoneka kwenikweni. Gulu lachiwiri, monga avobenzone, limamwa cheza n'kuchisandutsa kutentha pang'ono. Avobenzone payokha imafooka padzuwa, n'chifukwa chake amaisakaniza ndi octocrylene. Mankhwala atsopano, monga bemotrizinol, safooka msanga ndipo amatchinga UVA ndi UVB yomwe.

Nambala ya SPF pabotolo imanena za UVB: SPF 30 imatchinga magawo pafupifupi 97 pa 100, SPF 50 magawo 98. Izi zimatheka munthu akadzola mokwanira n'kubwereza maola awiri aliwonse, makamaka akatuluka thukuta. Apa m'pamene pagona vuto, pakuti botolo likamavuta kupeza, munthu amadzola monyenyerera, chitetezo n'kuchepa. Mafuta odzola wamba satchinga cheza ayi.

Ku Moshi m'dziko la Tanzania amapanga mafuta a KiliSun, okonzedwera anthu achialubino, ndipo kuno bungwe la anthu achialubino la APAM lakhala likupempha kuti mafuta asamasowe m'zipatala za boma. Mu 2025 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linaika mafuta oteteza khungu ku dzuwa pamndandanda wa mankhwala ofunikira. Izi n'zoyenera, chifukwa mafutawa ndi mankhwala, ndipo ayenera kupezeka ku Migowi, m'boma la Phalombe, monga amapezekera mankhwala a malungo. Chipewa chakhonde, malaya amikono italiitali ndi kuonetsa msanga kuchipatala bala losapola pakhutu, pamlomo kapena pakhosi zimateteza pamene mafuta alephera.