Ndiwo Zikutha pa Gombe la Chintheche

Amayi anzanga, tonse amene timadikira mabwato m'bandakucha pa gombe la Chintheche tikudziwa mmene ndiwo zavutira. Kale kondowole sankatsika popanda chambo kapena batala. Lero mayi akapeza kambale ka usipa amabwerera kunyumba akuthokoza. M'chaka cha 2018 bungwe la IUCN linaika chambo m'gulu la nsomba zimene zatsala pang'ono kutheratu.

Ena akuti nyanja yatikwiyira. Ine ndikuti tiyambe tawerenga pakamwa podya. Kalembera wa 1966 anapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni m'Malawi, pomwe wa 2018 anapeza oposa 17 miliyoni. Nyanja ndi yomweyo. Tsono mnyamata aliyense wosowa munda kapena ntchito amathamangira nkhafi ndi ukonde.

Koma chondiwawa kwambiri ndi neti ya udzudzu. Chambo ndi nsomba yolera bwino: mayi wake amafungatira mazira ndi tiana m'kamwa, ndipo pambuyo pake amatisiya m'madzi osaya, m'mabango, kuti tikule. M'menemo ndi mmene timakokamo neti imene tinalandira ku sikelo kuti tizitchinjiriza mwana ku malungo. Maso a netiyo sasankha. Kasawala yemwe akadakula nkudzaza mbale ya banja lonse amathera pa thandala ali ngati chala. Tisaloze abambo okha. Nthawi zambiri ogwira nsonga za netiyo ndife ndi ana athu, ndipo woyanika ndi wogula ndifenso.

Kumtunda nako zinthu sizili bwino. Mitengo yatha chifukwa cha minda, nkhuni ndi kuwamba nsomba. Mvula ikagwa dothi limakokoloka nkutsikira mu mtsinje wa Luweya, matope nkukwirira timiyala pomwe mpasa umaikira mazira ukakwera mtsinje. Otsala amaphedwa ndi katupe. Mabango nawo tikudula mpaka m'madzi.

Lamulo la zausodzi la 1997 linatsegula njira yoti anthu a m'midzi azisamala nawo nsomba, ndipo bungwe la Ripple Africa, limene lili ku Mwaya, lathandiza kukhazikitsa makomiti oteteza malo oswanirana, momwe amayi akukhalamo pamodzi ndi asodzi. Ntchitoyi njovuta, pakuti wolandidwa neti amakhala mlamu wako kapena mwana wa mchemwali wako. M'gulu lathu la amayi tagwirizana kuti kasawala sitigula, angatchipe motani, ndi kuti Loweruka lililonse awiri a ife aziyendera mabango a kufupi ndi mudzi dzuwa lisanatuluke.