Buku la M'dengu la Manachesi: Gawo 4

Bukulo linalowa pa chipata cha Mwanza mu 1984, litakutidwa m'nyuzipepala pansi pa mpando wa lole yochokera ku Harare. Linali The Detainee la Legson Kayira, lomwe linatuluka mu 1974 mwini wake ali ku England: nkhani ya bambo wa kumudzi amene ananyamuka kukafuna thandizo la mankhwala koma nakathera m'ndende popanda mlandu. Dalaivala wa loleyo, mlamu wa mphunzitsi wina, anapatsira mphunzitsiyo bukulo m'dengu la manachesi.

Mtima wa mphunzitsiyo unali pa kusandutsa bukulo filimu. Koma kamera akanaitenga kuti, m'dziko lopanda ndi wailesi ya kanema yomwe? Anati ayambe ndi sewero la ana asukulu pa mpikisano wa ATEM. Lamulo la 1968 linkati sewero lisanaonetsedwe liyambe ladutsa ku Censorship Board, choncho nkhani yonse anaiveka zovala zina. Wolamulira wankhanza anasanduka mfumu yamakedzana, anyamata azibonga anasanduka afisi.

Anangoonjezerapo chinthu chimodzi chimene kwa Kayira kulibe: ngolo yonyamula nduna zinayi za mfumu ikugwera kuphompho usiku, ng'ombe zake osathyoka ndi mwendo womwe.

"Iwe, fufuta zimenezi," anatero amalume ake monong'ona. "Ku Thambani si kutali. A Matenje, a Gadama, a Sangala ndi a Chiwanga anapezeka atafa komweko mu Meyi chaka chathachi. Wailesi inati ngozi. Iwe ndiwe ndani?"

"Amalume, alipo anthu anaiona mitembo ija. Tikhala chete mpaka liti?"

"Mpaka ana ako akule."

Sanafufute. Seweroli analitumiza ku Blantyre, ndipo mwezi unatha kuli zii.

Yankho silinadzere ku positi. Lachisanu lina, nkhuku zitalowa kale, Land Rover inaima pabwalo itazimitsa nyali. Munatsika bambo wa jekete lakuda, ulemu wake wochititsa nthumanzi.

"Aphunzitsi, pepani takusokonezani. Sewero lanu taliwerenga, n'lokoma zedi. Afisi aja tawazindikira." Anapisa dzanja m'jekete natulutsa buku lokutidwa m'nyuzipepala, lomwe lija mphunzitsiyo analisomeka kudenga la khola la mbuzi, malo amene ankawadziwa anthu awiri okha.

"Tsono za ngoloyi, pali munthu m'galimotomu akuti ndiye anakuuzani. Tabwerani mudzamuone."

Chitseko chakumbuyo chinatseguka.